Amene Ananyamula Chikwama ku Nairobi

Lachinayi pa 15 Ogasiti 2024, kuyambira 13:10 mpaka 17:25, Jeremy Chanda anasewera gofu pa bwalo lina kunja kwa mzinda wa Nairobi, ndipo mkazi anamunyamulira chikwama cha ndodo maenje onse khumi ndi asanu ndi atatu. Mkaziyo sanali wantchito wa pabwalopo. Anali Hellen Mwape, amene Jeremy anali naye pachibwenzi zaka zitatu ali ku koleji ku Ndola.

Jeremy anali woyeza magazi ku Chama, ndipo ku Kenya anapita ku msonkhano wa masiku asanu wa matenda a kaodzera. Gofu anaiphunzira ku Luanshya, kumene bambo ake ankatchetcha kapinga wa pabwalo. Chibwerereni ku Chama mu 2021 anali asanagwireponso ndodo. Hellen, amene tsopano anali mzamba ku Lusaka, anakumana naye pa msonkhanowo Lolemba, patapita zaka zisanu asanaonane.

Pakhomo la bwalo, wolemba mayina anafunsa funso limene ankafunsa mlendo aliyense: mukufuna kedi, kapena muyenda nokha? Kedi ndi munthu wolembedwa ntchito yonyamula chikwama, kupatsira wosewera ndodo ndi kuona kumene mpira wagwera. Amuna atatu ovala malaya obiriwira a manambala anali pa benchi kudikira. Jeremy asanayankhe, Hellen anagwira lamba wa chikwama.

"Lembani kuti alibe," anatero. "Ndinyamula ine. Ndione ngati zimene ankadzitama nazo ku Ndola zinali zoona."

M'bukumo munalembedwa kuti alibe kedi.

Ba Cyprian Zimba, wopereka mankhwala amene anabwera naye limodzi kuchokera ku Chama, anayenda nawo maenje atatu okha, bondo linayamba kuwawa. Asanabwerere anajambula chithunzi. Jeremy anali patsogolo, manja m'matumba. Mapazi awiri kumbuyo kwake kunali mkazi wa chipewa chachikulu chobisa nkhope, chikwama pa phewa. Ba Cyprian anaika chithunzicho pa gulu la WhatsApp la azaumoyo a ku Chama pa 13:02 nthawi ya ku Zambia, ndipo anachifufuta pa 13:24, ataganiza bwino. Irene Goma, namwino wa ku Tembwe amene Jeremy ankafuna kumukwatira, anali atachisunga kale pa 13:11.

Banja la Irene linali litapereka tsiku: Loweruka pa 14 Seputembala, thenga wa Jeremy, munthu womuimira pokafunsira, adzafike kwa a Goma ndi mbale zovundikira zofunsira ukwati. Thengayo anali ba Cyprian.

Pa dzenje la khumi ndi chinayi, Hellen anaika chikwama pansi n'kufunsa.

"Ku Chama uli ndi munthu?"

Jeremy anayang'ana mbendera ya pa dzenje. "Ndipatse ndodo ya nambala seveni," anatero.

Hellen anaseka, n'kumupatsa. Sanafunsenso.

Uthenga wa Irene unafika masewera atangotha.

"Bwana wa gofu. Uyo akukutsata ndi katundu ndani?"

Jeremy analemba dzina la Hellen, n'kulifufuta. Kenako analemba: "Ndi kedi chabe, wantchito wa pabwalo. Kuno salola mlendo kuyenda yekha."

"Mkazi?"

"Pa ntchito iyi akazi ndiwo ambiri kuno."

"Umuuze asakuzoloweze. Kuno uzanyamula wekha."

M'mauthenga awiri munali mabodza atatu. Anawawerenganso ali m'basi yobwerera ku hotela, Hellen ali pa mpando wa pambali pake, akusisita phewa limene lamba analikhula.

* * *

Loweruka pa 24 Ogasiti, Jeremy anakwera njinga yamoto kupita ku Tembwe, ulendo wa maola awiri m'fumbi. Anatenga tiyi wa ku Kenya ndi mpango wa ankhazi Jestina, mlongo wamkulu wa bambo ake a Irene. M'banja la a Goma nkhani ya ukwati sinkadutsa ankhazi asanavomere, ndipo iwo anali akukana chiyambire chaka chatha, ngakhale abale ena anali atapereka kale tsiku. Ankati amuna otumizidwa kuchokera ku matauni amabwera ndi sutikesi imodzi, mkazi atamusiya kwawo ku mizinda ya m'mbali mwa njanji.

Anawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Irene anayala mphasa. Jeremy anakhala pa kampando kafupi, n'kuwomba m'manja popereka moni.

"Mwayenda bwanji ku maiko, ba Chanda?"

"Ndayenda bwino, ankhazi."

"Ndaona." Anapitiriza kupeta. "Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Kuno kwathu mwamuna akayenda patsogolo manja m'matumba, mkazi kumbuyo ndi katundu wake, sitifunsa. Uyo ndi mkazi wake, kapena mlongo wake. Muli ndi mlongo ku Kenya?"

"Iyayi."

"Manje?"

Jeremy anafotokoza za kedi. Anafotokoza bwino, chifukwa zonse zimene ananena za ntchitoyo zinali zoona: chikwama chimalemera ngati chigubu cha madzi, ulendo wa pabwalo ndi wautali, mlendo sadziwa kumene nthaka yapendekera. Chabodza chinali chimodzi chokha, ndipo chinali pansi pa zonsezo.

"Dzina lake ndani?" anafunsa ankhazi.

"Sindinafunse."

"Munthu wakunyamulirani maola anayi, dzina osafunsa. Ndiye kapena ndinu wabodza, kapena ndinu wamwano. Sankhani chimodzi."

"Ndakumbukira. Anati ndi Maggie."

"Mwakumbukira mwamsanga."

Irene anatulutsa foni. Dzulo lake anali atakwera pa chulu cha kuseri kwa chipatala, pamene netiweki imagwira, n'kukopera kanema wa masewera a gofu. Anagwada pafupi ndi ankhazi.

"Onani, ankhazi. Uyu ali ndi wake, uyu ali ndi wake. Uyu mkazi, womunyamulira ndi mwamuna. Ndiye muti ndi mwamuna wake? Ndi ntchito chabe, ngati kondakitala wa basi."

Ankhazi anaika lichero pansi, n'kuonera mpaka kanema anatha. Kenako anapempha chithunzi chija, n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri monga Irene anawaphunzitsira.

"Awa a m'kanema avala zolemba manambala. Wanu wavala malaya a maluwa."

"Mwina linali tsiku lochapa," anatero Irene.

"Nanga ichi?" Chala chawo chinaima pa dzanja lamanzere la mkaziyo, limene linagwira lamba. Panali chibangili cha mawaya atatu opotana. "Ichi ndi kopa, mkuwa weniweni. Ku Kenya nakonso kuli migodi?"

"Amagulitsa paliponse, ankhazi," anatero Jeremy.

Chibangilicho anachigula iye mwini pa msika ku Ndola mu Disembala 2016.

Ankhazi anabweza foni. "Thenga wanu abwere pa 14. Ndavomera chifukwa cha uyu, osati chifukwa cha inu." Anatembenukira kwa Irene. "Iwe wanditseka pakamwa pamaso pa mlendo. Ngati pali china, manyazi ndi ako. Kwa ine usazabwere kulira."

Irene anamuperekeza mpaka pa njinga. Anamuvula jekete ya pa ulendo, n'kuikutumula.

"Isiye, ndizachapa Lachiwiri. Ukabwerere ndi malaya, kwatentha." Anapisa m'matumba monga ankachitira nthawi zonse, chichitikireni zoti cholembera chinathimbiriritsa yunifolomu yake m'beseni. Anapezamo kamtengo kakang'ono kosongoka. "Aka n'kachiyani?"

"Poikapo mpira pomenya koyamba."

"Ndikasunga. Ndi umboni wakuti ndagwirapo za gofu."

* * *

Ba Cyprian anaitana Jeremy Lachitatu pa 28 Ogasiti, nthawi ya chakudya cha masana. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pepala la mtedza wokazinga lili pakati pawo.

"Chithunzi chija ndinalakwa ndine," anatero ba Cyprian. "Ndinafuna anthu aseke kuti woyeza magazi wasanduka bwana. Koma ndamva kuti ku Tembwe kuli Maggie."

"Ndani wakuuzani?"

"Irene. Anandithokoza kuti ndinakusamala ku Nairobi. Anafunsa ngati ine ndinali ndi Maggie wanga. Ndinati bondo linandipulumutsa."

"Palibe chinachitika, ba Cyprian. Tinasewera, tinabwerera, aliyense ku chipinda chake."

"Ndikukhulupirira. Manje chinthu chopanda kanthu ukuchibisiranji?"

Jeremy anatola mtedza, osaudya.

"Uyo Hellen unamuuza za Irene?"

"Sipanapezeke mpata."

"Maola anayi."

"Anafunsa pa nthawi yolakwika."

Ba Cyprian anakutumula makoko pa buluku. "Mvera, mufana wanga. Ine ndakhalapo thenga kanayi. Ukafika, amakukhazika pansi, amavundukula mbale, kenako wamkulu amafunsa: munthu uyu mukumudziwa bwino? Alibe wina kumene achokera? Amafunsa ine, osati iwe. Iwe sukhalapo n'komwe. Mawa zikavuta, a Goma sapita ku Luanshya kukafuna bambo ako. Abwera pakhomo panga."

"Muzayankha kuti ndilibe. Ndi zoona."

"Ndizayankha ndikuyang'ana ankhazi aja, amene afunsa za chibangili? Iyayi. Ndikupatsa mpaka Lachisanu pa 13. Umuuze Irene ndi pakamwa pako. Akakhululuka, Loweruka ndinyamula mbale. Ukapanda kumuuza, upeze thenga wina, koma usapeze wa mpingo wathu."

* * *

Lamlungu pa 1 Seputembala, Jeremy anafika ku Tembwe anthu akutuluka m'tchalitchi. M'njira anali atakonza mawu. Anali afupi, ndipo ankayamba ndi dzina la Hellen kuti asapeze pothawira.

Anayenda awiri kulowera ku munda wa mpunga wokolola kale, kumene ana a sukulu amasewerera mpira nthawi ya chilimwe.

"Irene, za ku Nairobi zija."

"Usayambe. Ndatopa nazo." Anathyola kaudzu n'kukaluma. "Sabata yonse sindinadye kwa ankhazi. Alamu anga akandiona amaseka, ati mkazi wachiwiri wabwera. Lachinayi ndinawayankha pa mjigo, anthu onse akumva. Ndinati Jeremy ali ndi zolakwa zake, amachedwa, sadziwa kupalasa bwato, amaopa njovu ngakhale ili tsidya la mtsinje. Koma chikumanireni sanandinamizepo olo kamodzi. Ndinati amene ali ndi mwamuna wotero aimike dzanja."

"Anaimika?"

"Palibe. Alamu anga ananyamula chidebe chosadzaza."

Anaseka yekha. Kenako anatulutsa kamtengo kaja m'chikwama cha ku tchalitchi, n'kukazika m'dothi. Anaikapo ndimu yaiwisi. Pafupi panali mpini wa khasu umene wina anausiya.

"Ndiphunzitse. Sindifuna kuti Maggie adziwe zinthu zimene ine sindidziwa."

Jeremy anaima kumbuyo kwake, n'kumukonza zala pa mpini. Anamuuza kuti asayang'ane kumene ndimu ikupita, ayang'ane pansi. Irene anaphonya kawiri. Kachitatu ndimu inauluka, n'kukagwera mu mzere wa ziputu.

"Waona? Manje iwe ukatole. Lero kedi ndiwe."

Anakatola. Pobwera anamupeza atatsamira mpini, thukuta lili pamphuno, akumuyang'ana ngati munthu amene wamaliza kale kusankha.

"Umati chiyani za Nairobi?"

"Ndimati kunali kuzizira."

"Basi?"

"Basi."

Anabwerera ku Chama atavala jekete yochapa, ikununkhira sopo. Pa mtunda wina anaimitsa njinga, n'kulemba uthenga wonse m'foni. Pamalopo panalibe netiweki. Atafika pamene inalipo, sanautumize.

* * *

Lachinayi pa 5 Seputembala m'mawa, mauthenga awiri anafika motsatana.

Woyamba, pa 09:12, unali wa Hellen.

"Kalata yatuluka. Andituma ku Chama, chipatala cha ku Tembwe. Malo awa anandipatsa mu Julayi, ndinakana. Nditabwera ku Nairobi ndinapita kukavomera. Sindinafune kukuuza isanatuluke. Ndifika Lolemba. Usachite mantha, sindikufunsa kanthu. Ndangoona kuti zaka zisanu zija sizinali zofunika."

Wachiwiri, pa 09:51, unali wa Irene.

"Tikulandira mzamba watsopano Lolemba. Nyumba yake sinathe, ayamba wakhala ndi ine. Galimoto ya chipatala ipita ku Chifunda tsiku limenelo. Ungamutenge pa njinga? Ndi Hellen Mwape, wa kwanu ku migodi, muzacheza Chibemba m'njira. Usamuopseze ndi nkhani za njovu."

Irene ankadziwa kuti ku Ndola kunali mtsikana. Dzina sanafunsepo, ndipo Jeremy sanalitchulepo.

Anayankha onse awiri ndi liwu limodzi lomwelo: "Chabwino."

Panali masiku anayi. Lachisanu anaimba foni ya Hellen, n'kudula isanalire. Loweruka anachapa njinga. Lamlungu anakhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo ba Cyprian atamuyang'ana potuluka, iye anapukusa mutu.

* * *

Ku Chama, Hellen anatsika galimoto yochokera ku Lundazi Lolemba pa 9 Seputembala, 11:35. Anali ndi sutikesi imodzi ndi chikwama cha kumsana. Katundu wina ankabwera pambuyo. Chibangili chinali pa dzanja lamanzere.

"Wabwera wekha," anatero. "Ndimaganiza utuma munthu."

Jeremy anamanga sutikesi ndi malamba a mphira. Hellen anakwera, n'kumugwira m'chiuno. Anayenda ola limodzi ndi theka osalankhula zambiri, chifukwa cha mphepo ndi mabampu. Pa 13:10 anafika pa mtsinje wouma, pamene wokwera kumbuyo amayenera kutsika kuti njinga idutse mumchenga. Atafika tsidya, Jeremy anazimitsa injini.

"Hellen, funso lija unafunsa pa dzenje la khumi ndi chinayi."

"Unapempha nambala seveni."

"Ndili ndi munthu. Thenga apita kwawo Loweruka lino."

Hellen anavula mpango umene anadziphimba nawo fumbi, n'kuupinda kanayi.

"Loweruka lino."

"Inde."

"Pa 15 Ogasiti tsikuli linali litaperekedwa kale?"

"Linali litaperekedwa."

"Ndasiya nyumba ku Lusaka, Jeremy. Amayi ndawauza kuti ndikutsata ntchito. Anandiyang'ana, anati ntchito yake ili ndi dzina?" Anayang'ana Jeremy m'maso. "Ndani?"

"Irene Goma."

"Amene ndikukagona m'nyumba mwake."

"Inde."

"Amene wanditumizira uthenga dzulo kufunsa ngati ndimadya nsomba zouma."

Jeremy anatembenukira kumtsinje. Pa mtengo wa tsidya panali anyani awiri akuwayang'ana.

"Pali china," anatero. Anamuuza za chithunzi, za ankhazi, za kanema wa pa chulu. Anamuuza za Maggie. Anafotokoza motsatana, ndi masiku ake, ngati akuwerenga zotsatira za magazi a munthu wina.

Hellen anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndiye ndine wantchito wa pabwalo."

"Ndinasowa chonena."

"Unali nacho. Mnzanga wa ku koleji wandinyamulira chikwama. Mawu asanu ndi limodzi. Unasowa chonena chifukwa iwe mwini sunadziwe kuti tsiku lija unali kuchita chiyani." Anayang'ana msewu wa kumene anachokera, kenako wa kumene ankapita. "Nkhope yanga ikuoneka?"

"Iyayi. Chipewa chinabisa." Analoza dzanja la Hellen. "Chikuoneka ndi chibangili. Ankhazi anachiona."

"Ukufuna ndichivule."

"Mpaka ndimuuze ndekha. Ndimuuza Lachisanu lisanafike."

"Zaka zisanu ndi ziwiri sindinachivule, ngakhale titasiyana. Pobereketsa pokha." Anachipotoza, chinavuta kudutsa pa fupa, kenako chinatuluka. Pa dzanja panatsala mzere wotuwa. Anachiika m'dzanja la Jeremy n'kumupinditsa zala. "Tenga. Unagula ndiwe. Ine sindikunamizira munthu amene wandiyalira bedi. Sindiyamba nkhani, koma akandifunsa ndiyankha."

Anapita kukaima pafupi ndi njinga, atamufulatira.

Jeremy anayang'ana mchenga wa mumtsinje. Kuponya kunali kosavuta, ndipo mvula ya Disembala ikanachikwirira. Anachigwira nthawi yaitali. Kenako anachiika m'thumba lamanzere la jekete, n'kutseka zipi.

Ulendo wotsalawo Hellen anagwira chitsulo cha kumbuyo kwa mpando.

* * *

Anafika ku Tembwe pa 13:55. Irene anatuluka m'nyumba akupukuta manja, n'kulandira chikwama cha kumsana mlendo asanatsike bwino.

"Mwafika, ba Hellen. Fumbi lathu mwalilawa. Uyu sanakugwetseni?"

"Amayendetsa bwino," anatero Hellen.

"Amachedwa chabe. Lowani, madzi osamba ndatenthetsa, koma ndi kutentha uku mwina mufuna ozizira."

Pakhonde panali ankhazi Jestina. Anabwera ndi mpunga wa mlendo, ndipo aka kanali koyamba kuponda pakhomo la Irene chichitikireni mkangano uja. Hellen anagwada powapatsa moni. Ankhazi anamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumufunsa za kwawo, za amayi ake, ngati ali pabanja.

"Sindili pabanja, amama."

"Muzapeza kuno. Koma musatenge wa sutikesi imodzi." Anayang'ana Jeremy, amene ankamasula malamba. Pakamwa pawo panali ngati pakufuna kumwetulira. "Ena mwina ndi abwino. Tizaona Loweruka."

Jeremy analowetsa sutikesi m'chipinda. Munali mabedi awiri, ndipo pa bedi la mlendo Irene anayalapo nsalu yake yatsopano. Pa zenera panali kamtengo ka gofu kaja, kataimikidwa m'kabotolo.

Anakana chakudya, nati akufunika ku ntchito isanakwane 16:30. Atatuluka pakhonde, Irene anamugwira kolala.

"Vula. Yachita kufiira ndi fumbi."

"Isiye, ndichapa ndekha."

"Uchapa liti? Mawa ndi Lachiwiri, ndili ndi zochapa kale."

"Kubwerera kuli mphepo."

"Mphepo mu Seputembala?"

"Mupatseni, ba Chanda," anatero ankhazi. "Ku Kenya munalola mlendo kukunyamulirani katundu. Manje uyu, amene wakangana ndi banja lonse chifukwa cha inu, mumukaniza jekete?"

Hellen anali ataima pakhomo, thaulo lili m'manja.

Jeremy anavula. Irene anaipinda pa mkono, n'kulowa nayo m'chipinda. Jeremy anamva ikukolekedwa pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Irene," anatero Jeremy, iye atatulukanso. "Lachitatu ndibwera. Pali nkhani."

"Ya Loweruka? Usade nkhawa, nkhuku zagwidwa kale. Pita, uzachedwa."

* * *

Lachiwiri pa 10 Seputembala, 07:15, foni ya Jeremy inalira ali pakhomo la ntchito. Irene anatumiza chithunzi chopanda mawu. Jekete inali pa chingwe kuseri kwa nyumba, ikudontha madzi. Matumba onse awiri anali atatembenuzidwa, nsalu yoyera ya m'kati ili panja.

Anaimba pa 07:16. Foni inalira mpaka inaduka yokha. Anaimbanso pa 07:20, kenako anaimba ya Hellen. Nayonso inalira osayankhidwa. Kuti chithunzi chitumizike kuchokera ku Tembwe, munthu amayenera kukwera pa chulu chija, ndipo foni zonse ziwiri zinali kulira, kutanthauza kuti onse awiri anali pamenepo.

Pa 07:40 ba Cyprian anadutsa ndi makiyi a chipinda cha mankhwala, n'kuima.

"Wamuuza?"

Jeremy anawaonetsa chithunzicho. Ba Cyprian anachiyang'ana, osamvetsa, mpaka iye atawauza chimene chinali m'thumba lamanzere.

Pa 08:05 uthenga wa Jeremy wakuti "Irene, ndiyankhe" unaonetsa kuti wawerengedwa. Pofika masana unali usanayankhidwe. Mbale ziwiri zovundikira zinali zikadali pa kabati kwa ba Cyprian, zokulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo kunatsala masiku anayi.